Nthochi ya Mwana wa Achemwali

Tsiku limene ndinafika ku Orange Farm, lokeshoni ya kunja kwa Joni, achemwali anandionetsa nthochi asanandionetse pogona. Chikwama chinali chikadali kumsana, mapazi atatupa chifukwa chokhalitsa m'basi, koma iwo anandigwira pamkono n'kundizungulitsa kuseri kwa mkhukhu wawo, kanyumba kamalata kamene ankachita lendi pabwalo la mayi wina wa Chizulu. Pakati pa malata ndi mpanda panali kampata kosakwana kuyalapo mphasa ziwiri. Pamenepo panaima nthochi: mathunthu atatu, lina lalitali kundiposa, ndi ana angapo m'munsi.

"Wapereka moni?" anandifunsa.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu woti ndimupatse moniyo. Panalibe munthu. Ndinavula chipewa, chifukwa sindinadziwe china choti n'kuchita.

Chinali chaka cha 2002, mwezi wa Okutobala. Sukulu inali itandikanika kwathu ku Thyolo, ndipo amayi ananditumiza ku Joni kuti ndikapeze ganyu, komanso kuti ndikakhale pafupi ndi mlongo wanga. Chachiwirichi ndi chimene ananena motsitsa mawu. Mwana wa achemwali, mtsikana wa zaka zitatu, anali atamwalira ndi chibayo m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Ine sindinamuonepo. Anabadwira ku Joni, n'kumwalirira ku Joni komweko. Kunalibe njira yotengera maliro kumudzi, choncho anamuika kumanda aakulu a mzinda, kumene manda amakumbidwa ndi makina m'mizere, n'kuzikapo kachitsulo ka nambala. Achemwali anabwererako kamodzi ndi alamu. Anapeza mizere yawonjezekera, tizitsulo tina tagwa, ndipo anayenda mpaka dzuwa kupendeka osatsimikiza kuti mulu wa dothi wawo ndi uti. Sanapitekonso.

Kubanja kwathu mwana akabadwa, kamchombo kake kaja kakauma n'kugwa amakakwirira patsinde pa nthochi, kuti mwanayo akule ndi mtima wozizira ndiponso asadzaiwale kwawo. Mchombo wanga uli pansi pa nthochi za kuseri kwa khitchini ya amayi, ndipo wa achemwali ulinso pomwepo. Mwana uja atabadwa, ku Orange Farm kunalibe nthochi. Achemwali anakulunga kamchomboko m'kansalu n'kukasunga m'sutikesi, mpaka amayi anapeza dalaivala wa thiraki amene anavomera kunyamula mwana wa nthochi atamubisa pansi pa thumba la mpunga. Achemwali anabzala, kansalu pansi, nthochi pamwamba. Imeneyo ndiyo nthochi imene ndinaivulira chipewa.

Inali isanaberekepo. Ku Joni chisanu chimawotcha masamba a nthochi chaka chilichonse, ndipo kukafunda imayambiranso ngati munthu amene wachira matenda, n'kupezananso ndi chisanu china isanafike pobereka.

Ganyu ndinamupeza wa m'magadeni a azungu, masiku ena pa sabata. Alamu ankagwira ntchito m'shopu ya mmwenye ku Fordsburg, ankagona konko n'kumabwera Loweruka. Choncho nthawi zambiri pakhomo tinkakhala awiri, ine ndi achemwali, ndipo sitinkayankhulana zambiri. Ine ndine wamanyazi chibadwire, ndipo chisoni cha munthu wina chimandimanga lilime. Chimene ndinkatha ndi ntchito. Ndinkatunga madzi pampopi, kutsuka mbale, madzi otsukirawo n'kukathira panthochi. Ndikamathira, achemwali ankaima pakona ya mkhukhu n'kumayang'ana, ndipo nthawi zina ankati, "Wachita bwino." Mawu amenewo ndinkayenda nawo tsiku lonse.

Mvula itayamba ndinaona kuti ana a nthochi aja sakukula. Mmodzi anafota tsamba lapakati n'kuuma chiimire. Nditamugwedeza anangozuka m'manja mwanga ngati dzino lovunda. M'tsinde mwake munali mauna akuda, ndipo mu una wina munadzipinda mphutsi yoyera, yonenepa, yamutu wofiirira. Ndinaidziwa. Ndi mwana wa nankafumbwe wa nthochi, kachilombo kakuda kolimba msana, kamlomo wautali, kamene kamaikira mazira patsinde, mphutsi zake n'kumadya nthochi kuyambira pansi pamene diso silifika.

Kumudzi sitinkamuopa kwenikweni. Analipo, koma abambo akadali moyo ankangoti, "Musiyeni, ali ndi eni ake." Eni akewo anali nkhuku zimene zinkaswera m'nthochi kupalasa, achule a m'zinyalala, abuluzi, ndi nyerere zamitundumitundu zimene zinkalowa m'mauna n'kutulutsa mazira. Nthochi imodzi ikagwa, munda wonse unkatsala chiimire. Koma apa panali tsinde limodzi lokha.

Loweruka alamu atabwera ndinawaonetsa mphutsi ija pachivindikiro cha botolo. Alamu anali munthu wabwino, wofulumira kuseka, wofulumiranso kutopa ndi nkhani.

"Eish, mulamu, zazing'ono izi," anatero. "Kuno ndi ku Joni, kuli mankhwala a chilichonse. Ndibweretsa aja a timibulu, tithira, basi nkhani yatha."

"Muthira pati?" anafunsa achemwali.

"Patsindepo."

"Poizoni? Pa mwana?"

"Amake mwana, mwanatu sali pamenepo. Mwana ali…" Alamu sanamalize, chifukwa iwonso sankadziwa pamene mwana ali.

Kenaka alamu anati ndiye tizule tsinde lonse, tilisende, tibzalenso pena. Achemwali anangoti, "Khasu lisafike pamenepo," n'kulowa m'nyumba.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala abambo ena achikulire a ku Chipata. Anagwirapo ntchito m'migodi, kenaka m'minda ya nthochi kumunsi kotentha cha ku Nelspruit, ndipo tsopano ankasoka nsapato ndi kuweta nkhuku. Aliyense ankangowaitana kuti madala. Nkhani yathu anaimva yonse, poti malata sabisa mawu. M'mawa mwake anandikodola pampanda.

"Iwe Mmalawi, bwera kuno. Nionetse nyama yako ija."

Ndinawapatsa mphutsiyo. Anaitembenuza ndi chikhadabo, n'kuiponyera tambala wawo, amene anaiwakha isanafike pansi.

"Waona? Dokotala uyo. Manje niuze, nthochi iyi inachoka kuti?"

"Kwathu, madala. Ku Thyolo."

"Ndiye kanyama aka ni kakwanu. Kuno kangachoke kuti? Uonako nthochi ina mu Orange Farm muno? Kanabwera m'chitsa mwamene, kali dzira. Kanadumpha boda kopanda pasipoti monga iwe."

"Ine pasipoti ndili nayo, madala."

"Ehe, pepani bwana!" Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Vuto ni iyi, mwana wanga. Wakuba anakwera thiraki, apolisi ake anatsala ku Thyolo. Manje tifunika kulemba apolisi a kuno."

Ndinakawauza achemwali mosamala kuti pali njira yopanda poizoni, yopandanso khasu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kuvomera ndi mutu.

Thunthu limodzi mwa atatu aja linali litayamba kale kufa. Tinalidula pamwamba pa dothi, kulicheka zidutswa, chilichonse n'kuching'amba pakati. Zidutswazo ndinazivundikira mozungulira tsinde, konyowako kuyang'ana pansi. Nankafumbwe amakonda fungo la nthochi yodulidwa, ndipo kukacha amabisala kunsi kwake. M'mawa uliwonse ndisanathamangire sitima ndinkavundukula misampha ija. Ndinkawapeza atakakamira, ndipo ukawagwira amapinda miyendo kunamizira kufa. Ndinkawatolera m'kachitini n'kukhuthulira nkhuku za madala.

Madala anamasula waya m'munsi mwa mpanda kuti nkhuku zizilowa zokha. Anandiphunzitsanso kuitana nyerere: kukwirira mafupa a mapazi a nkhuku ndi timitu ta nsomba pafupi ndi tsinde, ndi kudontheza madzi a shuga. Sipanapite nthawi, mzere wa nyerere zofiirira unayamba kuchokera pansi pa mpanda. Zinkandiseketsa ndekha m'sitima kuti kumagadeni a azungu ankandituma kuwaza ufa wabuluu wopha nyerere m'ming'alu ya simenti, ndipo ndikabwerera kunyumba ndinkazithirira shuga ngati alendo. Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinapita kukhwawa kumene anthu ankataya zinyalala, n'kubwerako ndi achule awiri m'ndowa. Ana a m'lokeshoni ananditsatira njira yonse akufuula kuti mkwerekwere, dzina lawo lonyozera ife obwera, wagwira ndiwo. Ndinayenda nditaweramitsa mutu, dzanja lili pachivindikiro. Chule mmodzi anathawa tsiku lomwelo. Winayo anakhazikika pansi pa njerwa, ndipo madala ankamutcha sajeni.

M'mawa wina achemwali anatuluka atafunda chitenje, n'kundigwirira kachitini pamene ndinkavundukula misampha. Mosayembekezera anayamba kundiuza za mwana uja. Anati ankayankhula Chizulu kuposa Chichewa, chifukwa cha anzake a pabwalo. Mvula ikamagwa ankathawira pansi pa masamba a nthochi m'malo molowa m'nyumba, ndipo ukamuitana ankayankha kuti ali m'nyumba mwake. Ankang'amba masamba n'kudzimanga m'chiuno ngati siketi, ndipo anamenyedwapo chifukwa cha zimenezo.

"Ndinamumenya chifukwa cha tsamba," anatero achemwali. "Tsamba, iwe."

Ndinangoponya nankafumbwe wina m'kachitini, ndipo tonse tinamumva akugwera pa anzake.

Kwa miyezi ingapo zinkaoneka kuti zikutheka. M'misampha tizilombo tinayamba kuchepa. Panaphuka mwana watsopano wa masamba osongoka ngati mkondo, amene kwathu timati ndiye wamphamvu. Ndinali wonyada mwakachetechete. Ndinkaganiza kuti ndapeza chimene amayi ananditumira.

Zinasintha masana ena mwezi wa Malichi, mvula ikupita kumapeto. Ndinalibe ganyu tsiku limenelo, ndipo ndinkachapa pabwalo. Thadzi lina la madala, lometa khosi, linali litakumba kadzenje patsinde penipeni, pamene dothi linafewa chifukwa cha mafupa ndinkakwirira aja. Linatulutsa kansanza kofiira n'kuyamba kuthamanga nako, anzake akulilondola poyesa kuti ndi nyama.

Achemwali anali pakhomo akusankha nyemba. Ndinamva mbale ikugwa, kenaka kukuwa kumene ndinali ndisanamvepo kuchokera pakamwa pawo. Anathamangitsa thadzi lija opanda nsapato, kuzungulira mkhukhu, kugwa, kudzukanso, mpaka linataya kansanzako pafupi ndi chimbudzi. Anakatola ndi manja awiri.

Kunena zoona, dothi la ku Orange Farm n'lodzaza ndi nsanza, mapulasitiki ndi zivindikiro za mabotolo. Sindikudziwa ngati kanali kansalu kaja. Alamu atakaona Loweruka anati kaja kanali kobiriwira, kenaka anati mwina kofiira, kenaka anangotuluka panja. Koma achemwali sanakayike. Anakachapa, kukayanika m'nyumba, n'kukakwiriranso ndi zala zawo.

Tsiku limene thadzi linafukula kansanzako, achemwali anatseka mpata wa nkhuku uja ndi njerwa, ndipo anazinga nthochi yonse ndi waya wa sefa umene anapempha kwa mastende, mayi mwini bwalo uja. Atagwada pomangirira wayayo ndi pamene anaziyang'anitsitsa nyerere. Zinali pantchito yawo, zikutuluka m'ming'alu ya tsinde, zina zitasenza tinthu toyera.

"Zanyamula chiyani izi?" anandifunsa.

"Mazira a nankafumbwe, achemwali. Ndi timphutsi tating'ono. Zikutithandiza."

"Zikutuluka pansi."

"Eya, zimalowa m'mauna muja mmene ife sitingafike."

"Zikutuluka pansi pamene pali mwana wanga, zitanyamula zoyera, iwe n'kumati zikutithandiza. Unaziitana ndiwe, ndi mafupa."

"Achemwali, tikazichotsa nthochiyi ifa." Chibadwire ndinali ndisanawatsutsepo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma osati mwaukali. "Achimwene, munaikapo mwana inu?"

Anali asanandiyankhulepo ndi ulemu wotero. Anakatenga ketulo pa mbaula n'kuthira madzi owira pamzere wa nyerere kuyambira pampanda, kenaka anawaza phulusa. Mafupa onse anawafukula n'kukataya kudzala. Chule uja anasowa m'masiku omwewo.

Nditawafotokozera madala, sanaseke. Anapitiriza kukhoma chidendene cha nsapato, timisomali tili pakamwa. Atamaliza anati, "Usakangane nawo. Iwe uona nthochi, iwo aona mwana. Ndani angalole nkhuku kupalasa pa mwana wake?"

Ndinatsala ndi misampha yokha. Koma msampha umafuna thunthu laliwisi, ndipo zidutswa zija zinali zitauma ngati zikopa. Mathunthu aakulu anatsala awiri, ndipo kudula limodzi kunali kupha chimene tinkateteza. Ndinayesa makoko a nthochi zogula amene ndinkatola pa renki ya matekisi, koma ankangoitana ntchentche. Ndinafunsa m'magadeni mmene ndinkagwira ganyu ngati pali nthochi yoti adule. Dona wina anali nayo yokongoletsera pakhomo, ndipo anandiyang'ana ngati ndapempha mpando wa m'nyumba.

Kenaka kunabwera chisanu. Amene sanakhalepo ku Joni mwezi wa Juni sangamvetse. M'mawa udzu umayera ngati wathiridwa ufa, madzi a m'ndowa amaundana pamwamba, ndipo utsi wa malasha umagona palokeshoni yonse osakwera. Inali nyengo imene mwana uja anadwala. Achemwali anasiya ganyu wawo wochapa, n'kuyamba kufunditsa nthochi. Anamanga mathunthu ndi ziguduli, pamwamba pake makatoni, m'munsi anaunjika udzu wouma wofika m'mawondo. Tsiku lina pobwera ku ganyu ndinapeza thunthu lalikulu lija litakulungidwa ndi shawelo yoyera ya mwana, yomangidwa mfundo monga amamangira pobereka. Dzuwa likamalowa ankathira madzi ofunda patsinde kuti dothi lisazizire.

Ndinkadziwa chimene chinkachitika pansi pa udzuwo. Malo ofunda, achinyezi, amdima, opanda nkhuku, opanda nyerere: nankafumbwe akanati apemphe nyumba, sakanapempha yoposa imeneyo. Ndinalowetsapo dzanja n'kutulutsa tizilombo todzaza chikhatho. Ndinawaonetsa achemwali.

"Tola ndithu," anatero, "koma udzuwo ubwezere. Kukuzizira."

Ndiye ndinkatola ndi manja m'mawa uliwonse, zala zitachita dzanzi, n'kubwezera udzu mmene unalili. Koma amene ndinkatolawo anali akuluakulu oyenda panja. Mphutsi za m'kati palibe chala chimene chikanazifika.

Ndiyenera kunenanso kuti chaka chimenecho nthochi sinapse ndi chisanu ngati zaka zam'mbuyo. Ziguduli zija zinagwira ntchito yake. Achemwali sanalakwe pa zonse.

Kutayamba kufunda, thunthu lalikulu linatulutsa masamba motsatizana, ndipo chakumapeto kwa Novembala linatulutsa chimene linali lisanatulutsepo: duwa lija lofiirira ngati mtima wa ng'ombe, likusuzumira pakati pa masamba, kenaka n'kuweramira pansi. Achemwali ndi amene analiona poyamba. Anandiitana pomenya malata ndi chikhatho.

"Amalume ake! Tatulukani mudzaone!"

Anaseka tsiku limenelo, kuseka kwenikweni kogwira pamimba. Loweruka alamu anaima pansi pa duwalo manja ali m'chiuno, n'kuyamba kugawa nthochi zimene zinali zisanaoneke: phava la mastende, la madala, la abusa.

"La mulamu wangayu likhala laling'ono," anatero, "poti iyeyu amakhuta achule."

Achemwali anawamenya ndi chitenje paphewa, akusekabe. Madala anasuzumira pampanda n'kuyamika, koma kenaka anandiitanira pambali.

"Chirikiza na mtengo," ananong'ona. "Uone m'munsi umo mmene mwaondera."

Ndinachirikiza ndi thabwa limene ndinapempha kwa anthu omanga nyumba. Duwa linkafunduka gawo ndi gawo, n'kumasiya tizala tobiriwira m'mizere. Koma tizalato sitinkanenepa. Masamba anayamba chikasu m'mbali pamene mvula inali yokwanira. Ndikakankha thunthu pang'ono ndi chikhatho, ndinkalimva likusuntha pansi ngati mzati wodyedwa ndi chiswe. Ndinawonjezera thabwa lachiwiri, ndipo achemwali anati ndine wamantha ngati amayi.

Nthochi inagwa mu Januwale, masana, ine ndili m'sitima pobwerera ku ganyu. Mvula ya ku Joni imabwera ngati munthu wolusa: mdima, mphepo, matalala, kenaka dzuwa ngati palibe chachitika. Nditafika ndinapeza matalala akusungunuka m'mbali mwa msewu, mastende ndi madala ataima kuseri kwa mkhukhu. Thunthu lalikulu linali litagona pa waya wa sefa uja, matabwa anga ali pansi pake. Silinazuke ndi mizu ngati mtengo wogwa ndi mphepo. Linathyoka patsinde penipeni, ndipo pothyokapo panali pakuda, pobowokabowoka ngati chisa cha mavu, pakununkha chovunda. Mphutsi zinkagwera pansi n'kumadzipinda padzuwa. Thunthu lachiwiri linali litapendekeka, ndipo madala atangolikhudza linatsatira linzake.

Achemwali anali atakhala pamatope, mkoko uja uli pamiyendo. Ankaupukuta ndi nsonga ya chitenje, kachala kamodzikamodzi. Sanalire. Nkhuku za madala zinali zitadumpha pa waya wophwanyikawo n'kuyamba kutola mphutsi. Achemwali anaziyang'ana kwa kanthawi.

"Zilekeni zidye," anatero, ngakhale panalibe amene anasuntha kuti aziingitse.

Mkokowo tinaupachika m'nyumba poyembekeza kuti mwina upsa. Unangoda n'kufota.

Tsinde lonse linali litaola, pamodzi ndi mwana wa masamba osongoka uja, koma m'mbali munatsala kamwana kena kamodzi, kafupi ngati mkono wanga. Ulendo uno achemwali sanaletse khasu. Alamu anakumba, ndipo madala anasenda kachitsako ndi mpeni wawo wa nsapato ngati akusenda chinangwa, kuchotsa mizu yonse ndi paliponse pakuda mpaka panatsala poyera pokhapokha. Kenaka anakaviika m'madzi otentha kuti ngati muli dzira life. Anati mwina mwatsala lina, mwina ayi, palibe angalumbire. Achemwali anasefa dothi la m'dzenjemo ndi zala mpaka anapeza kansanza kofiira kaja, n'kukamanga pansonga ya chitenje.

Sabata yomweyo anawauza alamu kuti akupita kumudzi. Sanakangane. Alamu anati adzawatsatira pa Khirisimasi, ndipo onse awiri anavomerezana ngati anthu odziwa kuti sizidzachitika. Mastende anali atanena kale, mwaulemu ndithu, kuti pakampata paja akufuna kumangapo chipinda china cha lendi.

Achemwali ndinawaperekeza kokwerera mabasi a ku Malawi m'tauni. Kamwana ka nthochi kaja ndinakakulunga ndi manyuzipepala onyowa n'kukaika m'jumbo, ndipo njira yonse m'tekisi ndinakanyamula pamiyendo kuti anthu asakapane. Ndinkaganiza kuti akakabzala kumudzi, kotentha bwino, ndipo kakabereka chaka chotsatira. Katundu atakwezedwa, ndinawapatsira jumbolo.

Sanalilandire. "Limeneli silikwera," anatero.

"Ndakulunga bwino, achemwali. Pa boda sakaliona. Mungoliika pansi pa mpando."

"Si za boda. Mwanayu ali kuno. Ine ndikupita, bambo ake ali ku Fordsburg. Ndikatenganso nthochi, atsala ndi chiyani?"

Anamasula nsonga ya chitenje, kutenga kansanza kaja, n'kukalowetsa m'jumbo pambali pa kachitsa. Anamanga jumbolo mfundo n'kulikankhira pachifuwa panga.

"Amalume ake ndinu. Mukadzale pabwino."

Kondakitala anali akumenya kale mbali ya basi. Achemwali anakwera, n'kukhala mbali imene zenera lake silinkayang'ana kwa ine.

Pabwino sindinapapeze. Mkhukhu uja tinausiya, ndipo ine ndinasamukira ku Jeppestown, m'chipinda cha pamwamba chimene tinkagona anyamata angapo. Kumeneko pansi ponse ndi simenti ndi phula. Ndinapeza chitini chachikulu cha penti, kuchibowola kunsi, n'kudzazamo dothi limene ndinkabweretsa pang'onopang'ono m'chikwama kuchokera kumagadeni. Ndinadzala, n'kuika chitinicho pawindo. Windolo linkayang'anizana ndi khoma la galaji yowotcherera zitsulo, ndipo dzuwa linkangodutsapo kanthawi kochepa masana. Kanatulutsa tsamba limodzi lotuwa, patapita nthawi linanso laling'ono kuposa loyambalo, kenaka kanaima. Ndinayesa kukatulutsa pakhonde, koma oyang'anira nyumba anati chitinicho chikutchinga njira. Chisanu chisanafike n'komwe kanali katauma.

Nditakhuthula chitinicho ndinang'amba kachitsa ndi mpeni kuti ndione. Kanali koyera mpaka m'kati. Munalibe una ngakhale umodzi. Madala anali atasenda bwino.

Ndinawauza achemwali pafoni ya pashopu. Anakhala chete mpaka foni inaduka yokha.

Dothi lija ndi kansanza ndinazibwezera m'chitini, chifukwa ku Jeppestown sindinaone malo amene ndikanakwirira chinthu n'kudzapapezanso. Ndasamuka nacho chitinicho chipinda ndi chipinda. Anzanga atsopano akafunsa kuti ndinadzalamo chiyani, ndimawauza kuti ndi dothi chabe, koma asatayemo zotsalira za ndudu.